Mtanda wa pa Mathiriro a Ruo

Ali yense wa ife amene anaperekezapo maliro adziwa maonekedwe a manda a kwathu. Mitumbira yina iri yatsopano, dothi lace likali lofiira. Yina inaphwa kalekale, niyamba kufanana ndi nthaka ya m'mbali mwace. Pa yina paima mitanda yamatabwa, uwu woongoka, uwo wopendekeka popeza ciswe cinadya tsinde lace, ndipo malemba amene analembedwapo mvula inawafafaniza. Pamene adzukulu ali kukumba, akulu amaloza ndi ndodo nanena, Apa pagona uje, apo pagona mphunzitsi woyamba wa sukulu yathu. Koma akulu otere acepa caka ndi caka, ndipo tikafunsa anyamata kuti, Mtanda uwu ngwa yani? angoyang'anana osayankha.

Cifukwa ca ici tafuna mwezi uno kukamba mbiri ya mtanda umodzi, umene unali pakati pa mitanda yoyambayamba kuimikidwa pa manda a Mkristu m'cigwa ca Shire. Ndiwo mtanda wa pa manda a Bishopo Charles Frederick Mackenzie, pafupi ndi Chiromo, pomwe mtsinje wa Ruo uthira m'Shire. Ambiri a ife sitiri a mpingo wace. Koma mbiriyi iri yathu tonse, pakuti iri pa ciyambi ca Cikristu ca m'dziko lino. Ndipo tikaimva bwino, tidzayang'ana mitanda ya m'manda a midzi yathu ndi maso ena.

Munthu amene anagona pamenepo

Mackenzie anabadwa m'dziko la Scotland pa 10 April 1825. Anaphunzira pa sukulu yaikulu ya Cambridge, nachuka kumeneko pa nzeru ya masamu, kotero kuti pa mayeso a 1848 anakhala waciwiri mwa onse. Akadafuna, akadakhala komweko masiku ace onse, wolemekezeka ndi wosasowa kanthu. Koma m'caka ca 1855 anaoloka nyanja kunka ku Natal, nagwira nchito ya unsembe kumeneko zaka zinai.

M'zaka zomwezo Dotolo David Livingstone anabwerera kwao atayenda ulendo wace waukulu wa pa Zambezi. Pa 4 December 1857 anaimirira pamaso pa ophunzira a ku Cambridge, nawasimbira za malonda a akapolo amene analikupasula midzi, nawadandaulira kuti atumize aphunzitsi. Mau ace anabala Mishoni ya masukulu akulu a Oxford, Cambridge, Dublin ndi Durham, imene makolo athu anaidziwa ndi dzina lakuti U.M.C.A. Pofuna mtsogoleri, m'caka ca 1859 anapempha Mackenzie, ndipo iye anabvomera. Anadzozedwa Bishopo ku Cape Town pa 1 January 1861.

Ulendo wao unafika kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa wa lero, m'mwezi wa July 1861, atakwera Shire pa sitima ya Livingstone yochedwa Pioneer. Kucokera pamenepo anayamba kukwera mapiri pansi. Pa 16 July, ali m'mudzi wa Mbame, unalowa m'mudzimo ulendo wa akapolo, amuna ali m'magoli, akazi ndi ana omangidwa ndi zingwe. Oyendetsa ulendowo poona Azungu anathawira kuchire, ndipo anthu 84 anamasulidwa tsiku limenelo, magoli ao nadulidwa ndi sowo. Ambiri a iwo analibe kwao kobwerera; cotero Bishopo anapezeka ali atate wa khamu la anthu asanamange ndi nyumba yomwe. Anakhazikika ku Magomero, m'dziko la mfumu Chigunda, pa mtsinje wa Namadzi, pakati pa Zomba ndi Blantyre wa lero.

Zimene sitiyenera kubisa

Pokamba mbiri ya akufa pali yesero lakuti tinene zokoma zokhazokha. Koma mtanda ufuna zoona, ndipo mbiri yonama siipindulitsa munthu. Masiku amenewo dziko linali losokonezeka. Ayao analikulowa m'dziko la Amang'anja, iwonso atapitikitsidwa kwao ndi nkhondo ndi njala. Mafumu a Amang'anja anadza kwa Bishopo kudzapempha thandizo la mfuti zace. Ndipo iye, poganiza kuti Ayao onse ndiwo ogwira akapolo ndi Amang'anja onse ndiwo ozunzidwa, anabvomera. M'mwezi wa August 1861, ndiponso m'October, amishoni anaturuka ndi mfuti pamodzi ndi Amang'anja, natentha misasa ya Ayao. Anthu anafa, nkhokwe zinapsa, ndipo akazi ndi ana anabalalika.

Pambuyo pace amishoni okha anazindikira kuti mlanduwo sunali monga anauyesa poyamba. Anaona kuti pakati pa Amang'anja panalinso ogulitsa anzao, ndi kuti Ayao ambiri anali anthu ofuna malo olima monga ena onse. Mbiri itamveka ku England, akulu ena a Eklesia anadzudzula kolimba, nati mthenga wa Uthenga Wabwino sayenera kugwira mfuti. Tinena ici osati kuti tinyoze wakufa, pakuti mtima wace unali wacifundo, ndipo anthu amene anakhala naye anasimba za kufatsa kwace. Anali mlendo wa masabata owerengeka, wosadziwa cinenero kapena milandu ya dziko, ndipo anaweruza msanga. Akulu anati, Kuona maso a nkhono n'kudekha. Cotero pansi pa mtandawo panagona munthu wokonda Mulungu amene analakwanso, monga agona ena onse pansi pa mitanda yathu. Ndiwo anthu amene mtanda uwayenera.

Ku Magomero komweko zinthu sizinayende bwino. Malowo anali otsika, ozingidwa ndi mtsinje, ndipo anthu anacuruka koposa cakudya. Mvula itayamba, kamwazi analowa m'mudzi, nayamba kutenga ana ndi ofoka.

Ulendo wotsiriza

Bishopo anapangana ndi Livingstone kuti adzakomane pa mathiriro a Ruo pa 1 January 1862. Pakuti mlongo wace Anne Mackenzie, ndi mkazi wa wansembe Henry Burrup, analikudza kucokera kunyanja yamcere, pamodzi ndi katundu wa Mishoni. Koma m'December anzace awiri, pofuna njira yakumtunda yonka ku Ruo, anaukiridwa m'mudzi wina napulumuka movutika. Ndipo Bishopo anataya masiku ndi mphamvu pa ulendo wokalanga mudziwo. Anacoka ku Magomero pa 3 January, tsiku la pangano litapita kale, ali ndi Burrup. Mitsinje inali yodzala, onse awiri anali odwala m'mimba, ndipo anayenda m'mvula kufikira kwa Chibisa, nalowa m'bwato pamodzi ndi Amakololo atatu, anthu a Livingstone aja ocokera ku Zambezi wakumtunda.

Usiku wina, potsika ndi madzi, bwato linagubuduka. Anthu anapulumuka onse, koma mankhwala ao anatayika, pamodzi ndi kwinini, ndiwo mankhwala okha amene anali ndi mphamvu pa malungo masiku awo. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa pamenepo kuti malungo adza ndi udzudzu; ici cinadziwika m'caka ca 1897, mwa nchito ya dotolo Ronald Ross. Cotero analowa m'madambo a Shire, m'nyengo ya dzinja, opanda cowachinjiriza.

Pofika pa cisumbu ca Malo, pa mathiriro a Ruo, anamva kuti Livingstone anapitirira masiku owerengeka apitawo kutsikira kunyanja. Bishopo anasankha kudikira pomwepo, poyembekeza kuti sitima idzabwera ndi alendo ace, ndiponso pofuna kupalana ubwenzi ndi mfumu ya pacisumbupo. Malungo anamgwira, nafoka tsiku ndi tsiku kufikira sanathenso kulankhula. Mwini nyumba imene anagonamo anafuna kuti wodwalayo aturutsidwe, pakuti monga mwa mwambo nyumba yofera munthu siikhalidwanso. Ndipo anamsamutsira ku nyumba yina. Tisaiweruze mfumuyo mwaukali: mlendo wosadziwika kufera m'mudzi unali mlandu woopsa masiku aja. Pa 31 January 1862 Bishopo Mackenzie anamwalira, ali ndi zaka 36. Anakhala Bishopo miyezi 13, ndipo m'dziko la Amang'anja sanakwanitse miyezi 7.

Maliro sanagone. Madzulo omwewo Amakololo aja anaolotsa mtembo pa bwato kunka kumtunda, nalambula chire pansi pa mtengo, nakumba manda. Burrup, wosakhoza kuima bwino ndi malungo, anayesa kuwerenga mapemphero a maliro. Koma mdima unagwa, ndipo ananena pamtima zimene anakhoza kukumbukira. Panalibe belu, panalibe nyimbo ya mpingo, panalibe mbale kapena mlongo. Adzukulu a Bishopo woyamba wa dziko lino anali anthu akuda atatu osabatizidwa, alendo iwonso, amene sanamthawe m'kudwala kwace.

Anthu omwewo anabwerera ndi Burrup kwa Chibisa, ndipo kucokera kumeneko ananyamulidwa pa macila kufikira ku Magomero, kumene anamwalira pa 22 February. Akazi awiri aja anafika pa mathiriro a Zambezi m'masiku omwewo a imfa ya Bishopo, osadziwa kanthu. Anakwera Shire ndi ciyembekezo, nafika kwa Chibisa m'mwezi wa March. Pamenepo wina anamva kuti mlongo wace kulibe, ndipo mnzace anamva kuti ali wamasiye.

Nchito yooneka ngati yafa

Imfa sinalekere pomwepo. Mary Livingstone, mkazi wa Dotolo, anamwalira ku Shupanga pa Zambezi pa 27 April 1862, naikidwa pansi pa mlambe. Mwezi womwewo amishoni anasiya Magomero natsikira kwa Chibisa. Mvula inakana, ndipo njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 inapulula midzi ya m'cigwa, kotero kuti mitembo inali kuyandama pa Shire. Wansembe Scudamore anamwalira pa 1 January 1863, ndi dotolo wao Dickinson m'mwezi wa March. Bishopo waciwiri, William Tozer, atafika m'caka comweco ndi kuona umo zinaliri, anasamutsira Mishoni ku phiri la Morambala, ndipo mu 1864 anaicotsa m'dziko lino kunka nayo ku Zanzibar.

Tiyeni tiime pang'ono pamenepa, abale, tilingalire. Munthu woyenda m'cigwa ca Shire m'caka ca 1864 akadapeza ciani ca nchito yonseyo? Sakadapeza mpingo wa obatizidwa, kapena sukulu, kapena nyumba ya Mulungu. Akadapeza mitumbira yokha: wina ku Magomero, yina kwa Chibisa, wina pa Ruo. Poyesa ndi muyeso wa anthu, Mishoni yoyamba inalephera.

Manja amene anaimika mtanda

M'nyengo yamdima yomweyo mtanda unaimikidwa. Kuciyambi kwa 1863, caka citapita cimwalirire Bishopo, Livingstone pokweranso Shire anaima pa Ruo, nafuna mandawo m'chire, naimikapo mtanda. Iye mwini anali ataika mkazi wace miyezi isanu ndi inai yapitayo. Anthu a kwao analikumnenera kuti ndiye anasokeretsa Mishoni. Ndipo m'caka comweco Boma la England linamuitana kuti aleke ulendo wace. Munthu wotere, poimika mtanda pakati pa njala ndi mitembo, sanaimike cizindikiro ca kupambana kwace. Anacita umboni kuti wogona pamenepo ali ndi Mwini, ndi kuti mlandu wa dziko lino sunathe.

M'dziko la ciswe, la moto wa m'chire ndi la madzi osefukira, cizindikiro ciri conse ca pamanda cifuna munthu wocikonzanso. Anne Mackenzie, atabwerera kwao wosweka mtima, sanaiwale manda a mlongo wace, ndipo masiku ace otsala anawapereka ku nchito yothangata mamishoni. M'caka ca 1875 unanyamuka ulendo wa Mishoni ya Livingstonia, wotsogozedwa ndi E. D. Young, amene anaudziwa mtsinjewo kuyambira masiku a Pioneer. M'ulendomo munali Dotolo Robert Laws ndi Henry Henderson. Mai uja anawapatsa mtanda wacitsulo. Ndipo pokwera Shire ndi sitima yao Ilala anaima pa Ruo, nauimika pa mandawo.

Pano pali cinthu coyenera kucisunga mumtima. Mackenzie anali wa mpingo wa Anglican; Livingstone sanali wa mpingowo; ndipo a Livingstonia anatumidwa ndi mpingo wa Cipresbiteriano wa ku Scotland, umene masiku awo sunazolowere kuika mitanda m'nyumba zace zopemphereramo. Koma pa manda aja panalibe kufunsana za mipingo. Anthu amene analikunka kukayamba nchito yatsopano anayamba agwada pa manda a nchito yakale, monga mwana wolowa ufumu ayamba walemekeza malo a amalume ace. Atacoka pamenepo, anthu mazanamazana a m'cigwa anasenza zitsulo za Ilala pamutu kulambalala mathithi a Shire, ndipo pa 12 October 1875 sitimayo inalowa m'Nyanja. Caka cotsatira, mu October 1876, Mishoni ya Blantyre inakhazikika pa malo amene Henderson anasankha.

Zimene zinamera

Mbeu ikagwa m'nthaka, wosadziwa ayesa kuti yatayika. Pakati pa omasulidwa a ku Magomero panali mnyamata Mcawa dzina lace Chuma. Iyeyu anatsata Livingstone m'maulendo ace otsiriza. Ndipo Dotolo atamwalira kwa Chitambo mu May 1873, Chuma ndi Susi ndiwo anatsogolera anzao ponyamula mtembo wace miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo, kunyanja yamcere, mu February 1874. Pambuyo pace Chuma anatsogolera maulendo a U.M.C.A. kulowa m'dziko la Ayao. Panalinso kamtsikana dzina lace Daoma, kamene Bishopo anakasenza pa phewa pace kalikulephera kuyenda. Anakula ku Cape Town, nakhala mphunzitsi wa ana amasiye zaka zambiri.

Ku Zanzibar msika wa akapolo unatsekedwa mu 1873, ndipo pa malo omwewo Mishoni inamanga nyumba yaikulu ya Mulungu. Kucokera kumeneko anabweranso ku Nyanja: William Percival Johnson ndi Charles Janson anafika m'mbali mwace mu 1882, Janson namwalira pomwepo, Likoma inakhazikika mu 1885, ndipo nyumba yace yaikulu ya Petro Woyera inayamba kumangidwa mu 1903. Mu 1909 Leonard Kamungu anadzozedwa wansembe, nanka kukalalikira ku Msoro, m'dziko limene lero liri Zambia, kumene anamwalira mu 1913. M'zaka zomwezo anafikanso ena: a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, Akatolika kwa Mponda m'caka comweco, ndi ku Nzama mu 1901, ndi ku Mua mu 1902. Sitinena kuti zonsezi zinaturuka m'manda a pa Ruo, pakuti Mulungu ali nazo njira zambiri. Koma amene anafika podzera pa Shire anapyola pa mandawo, ndipo mtanda uja unawauza mtengo wace wa nchito imene analikuilowa.

Mtengo wace wa mtanda wakale

Tsono mtanda wakale wa pamanda upindulanji? Citsulo cace cikagulitsidwa sicikwanira kugula mbuzi. Ulibe mphamvu yakuciritsa kapena yakuingitsa mizimu, ndipo Mkristu wouyesa cithumwa wasokera. Mtengo wace uli pa umboni wace.

Coyamba, ucita umboni wa ciyembekezo. Masiku a Aroma mtanda unali cipangizo cophera akapolo ndi opanduka, cinthu camanyazi. Ndipo Akristu oyamba, m'nyengo ya mazunzo, kawirikawiri analemba pa manda ao cithunzi ca nsomba kapena ca nangula. Mfumu Constantine atapatsa Akristu ufulu mu 313, mtanda unayamba kuonekera poyera. Akristu omwewo anacha manda ao ndi mau a Cihelene otanthauza malo ogona, pakuti wogona adzauka. Ifenso timati uje wagona, watisiya, watsogola. Ndipo mtanda pa mtumbira unena kwa wopita m'njira kuti tulo timeneti tiri ndi m'mawa wace.

Caciwiri, ucita umboni wa mbiri. Makolo athu sanali anthu oiwala akufa ao. Anasunga msitu wa manda osadulamo mtengo, anaika mbiya kapena mbale pa mtumbira, ndipo akulu a mudzi anadziwa malo a munthu ali yense pamtima. Koma kukumbuka kotere kufuna kuti ana akhale pafupi ndi agogo ao. Lero ana athu ali ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Johannesburg ndi kutsidya kwa nyanja, ndipo nkhalamba ikagona, maina makumi agona nayo. Mtanda wolembedwa dzina ndi caka ndiwo kalata ya mudzi imene ikhala pamene owerenga pamtima atha. Manda a Mackenzie akadazimirira m'chire m'zaka zowerengeka, pakadapanda manja amene anabwerako kawiri kudzaimika cizindikiro.

Cacitatu, mtandawo utifunsa za iwo amene alibe mtanda. Dzina la Bishopo lidziwika, ndipo lichulidwa ngakhale pa sukulu ya ku Lilongwe. Koma Amakololo atatu amene anamkumbira manda sitiwachula kawirikawiri. Ana omasulidwa amene anafa ndi kamwazi ku Magomero, Ayao amene anagwa pa misasa yotenthedwa, ndi makamu amene njala inawataya m'Shire, anagona opanda cizindikiro. Poimirira pa mtanda wa munthu mmodzi wochuka tiyenera kuwakumbukira onsewo, pakuti Iye amene anapacikidwa anafera iwonso. Ndipo kwathu komwe ziri comweco. Uthenga sunafike m'midzi yathu ndi Azungu okha. Unafika pa mapazi a aphunzitsi akuda, a alaliki, a akulu a mpingo, ndi a amai amene anapirira kunyozedwa ndi abale ao cifukwa ca kalasi. Ambiri a iwo agona pansi pa mitanda imene ciswe ciri kudya lero lino.

Cimene tiyenera kucita

Tisathe nkhaniyi ndi cisoni cokha. Pali nchito imene mpingo uli wonse ukhoza kuigwira wosafuna cuma.

Akulu a mpingo apite kwa mfumu ndi eni mbumba, napemphe tsiku lolowa kumanda monga mwa mwambo wa mudzi, pakuti kumanda salowako mwacisawawa. Nyengo yabwino ndiyo titatha kukolola, moto usanayambe m'chire. Tsikulo atengedwe okalamba onse okhoza kuyenda, ndi mnyamata kapena mtsikana wodziwa kulemba bwino. Pa mtumbira uli wonse nkhalamba inene dzina, pfuko, ndi nchito ya wogonayo, ndi caka ngati cidziwika. Ndipo pamene akulu atsutsana, zilembedwe zonse ziwiri, koma kanthu kongopeka kasalembedwe. Buku limenelo lisungidwe pamodzi ndi mabuku a ubatizo, ndipo lina lofanana nalo likhale kwa mfumu.

Udzu ulambulidwe pozungulira kuti moto usalowe. Mtanda wakale wopendekeka uongoledwe, usatayidwe. Ngati tsinde labvunda, udulidwe pobvundapo ndi kuumangirira ku mtengo wolimba monga muwanga, umene ciswe siciulowa msanga. Malemba ofafanizika alembedwenso monga analiri, osasintha kalembedwe ka akale. Mtanda wacitsulo upalidwe dzimbiri ndi kupakidwa utoto. Ndipo tiwacenjeze ana athu kuti citsulo ca kumanda sicigulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha, pakuti wogulitsa mtanda wagulitsa dzina la mwini wace. Mutu umodzi susenza denga: amuna ndi makasu, amai a cigwirizano ndi matsache, ana a sukulu ndi makutu ao, kuti amve maina a anthu amene anawatsegulira njira.

Ticenjezanenso pa cinthu cimodzi. Kulemekeza manda sikupikisana pomanga ziliza zamtengo wapatali, kufikira wamasiye alowa m'ngongole ndi ana asowa fizi ya sukulu. Bishopo wophunzira koposa anaikidwa ndi anthu anai m'mdima, ndipo mtanda unamfika patapita caka. Mtanda wa matabwa awiri wosamalidwa ndi cikondi uposa ciliza ca miyala cimene eni ace anaciiwala.

Anne Mackenzie anadikira zaka 13 kufikira anapeza manja onyamula mtanda wace kunka nawo pa Ruo, ndipo njira yace inali ya miyezi pa nyanja ndi pa mitsinje. Manda a makolo athu m'cikhulupiriro ali kuseri kwa mudzi, ulendo wosakwana ora limodzi. Nkhalamba zodziwa maina zikali ndi ife caka cino. Ngati zidzakhalapo caka camawa adziwa Mulungu yekha. Tiyeni tipite nazo kumanda zikali kuyenda ndi mapazi ao, tisanazinyamule.